Njanji ya Somerset ndi Dorset: Kukula Kwake ndi Kugwa Kwake

Kumwera chakumadzulo kwa dziko la England, kumene mapiri a Mendip alekanitsa mzinda wakale wa Bath ndi zigwa zotsikira kunyanja, kunali njanji imene mbiri yake iyenera kukumbukika, pakuti iphunzitsa za khama la anthu wamba ndi za kuuma mtima kwa akuluakulu owerenga ndalama. Chiyambi chake chinali timakampani tiwiri, kena ka ku Somerset kamene kanatsegula njanji ya pakati pa Glastonbury ndi Highbridge m'chaka cha 1854, ndi kena ka ku Dorset; ndipo m'chaka cha 1862 tiwirito tinaphatikizana.

Poona kuti midzi ya alimi yokha siikadatha kudyetsa njanji, eni ake analimba mtima nati aboole mapiri kufikira ku Bath, kuti akanyamule malasha a ku Radstock ndi katundu wochokera kumpoto. Ntchitoyo, imene amuna anaigwira ndi mapiki, mafosholo ndi wonga, inatha m'chaka cha 1874, koma inameza chuma chonse cha kampani. Ndipo monga akulu anena kuti mutu umodzi susenza denga, chaka chotsatira njanjiyo inaperekedwa m'manja mwa makampani awiri aakulu, Midland Railway ndi London and South Western Railway, kuti aziiyendetsa pamodzi.

Amene anakhetsa thukuta lenileni pa njanjiyi ndiwo oyendetsa injini ndi osonkhezera moto. Chitunda cha ku Masbury, chimene nsonga yake ili mafiti 811 pamwamba pa nyanja, chinali chotopetsa kotero kuti sitima zolemera zinkakokedwa ndi injini ziwiri. Ndipo mphanga ya Combe Down, yotalika kupitirira mailo imodzi, yopapatiza ndi yopanda potulukira utsi, inali ng'anjo kwa onse olowamo. M'mwezi wa Novembala 1929 utsi unakomola woyendetsa ndi mnzake ali m'katimo, sitima ya katundu inatsetsereka yopanda woigwira, nikaphwanyika ku Bath, ndipo anthu atatu anataya moyo. Komabe amuna amenewa anaikonda njanji yawo, ana nalowa ntchito ya makolo awo. Ndipo Loweruka lililonse m'nyengo yotentha ankadutsitsa pamapiripo makamu a anthu a m'mizinda ya mafakitale opita kukapuma kugombe la Bournemouth.

Imfa yake siinadze tsiku limodzi. Boma litatenga pafupifupi njanji zonse m'chaka cha 1948, ndipo magalimoto atayamba kuchuluka m'misewu, akuluakulu anayamba kupatutsira katundu kunjira zina. Pa 8 Sepitembala 1962 sitima yotchuka ya Pines Express, yoyenda pakati pa Manchester ndi Bournemouth, inadutsapo kotsiriza, itakokedwa ndi Evening Star, injini yamalasha yomaliza kupangidwa ndi British Railways, bungwe la boma loyendetsa njanjizo. Atailanda chakudya chotero, anaiweruza kuti yaonda: lipoti la Dr Richard Beeching la 1963, lounika njanji za dzikolo, linaiika pamndandanda wa zoyenera kutsekedwa, ndipo ngakhale anthu a m'midzi anadandaula kolimba, pa 7 Malichi 1966 inatsekedwa.

Zitsulo zinazulidwa, koma ntchito ya amisiri a miyala inakana kugwa. Mlatho wa Charlton ku Shepton Mallet, wa zipata 27, ukali chiimire; siteshoni ya Green Park ku Bath inasanduka msika pansi pa denga lake lagalasi; ndipo kuyambira 2013 mphanga ya Combe Down ija, imene inkatsamwitsa amuna ndi utsi, ndi njira ya oyenda pansi ndi apanjinga. Ku Midsomer Norton ndi ku Shillingstone anthu odzipereka, osayembekezera malipiro, anakonzanso masiteshoni nayalanso njanji pang'ono.

Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Matauni monga Radstock, Shepton Mallet, Glastonbury ndi Blandford lero alibe sitima yonyamula anthu, ndipo misewu yawo yadzaza ndi magalimoto. Kaundula wa ndalama anaonetsa zimene njanjiyo inkataya pachaka, koma sanaonetse zimene midzi idzataya mibadwo ndi mibadwo. Ndipo mtundu uliwonse umene uli ndi njanji yofooka uyenera kuwerenga zonse ziwiri usanatume anthu okazula.