Khoko limodzi, njere ziwiri

Dzulo ndinakumva, mdzukulu wanga, ukuwerenga m'Chipwitikizi pakhonde paja: dois, quatro, seis, oito, kenaka n'kuima pa dez ngati wapunthwa pa chitsa. Ukuti aphunzitsi anakuuzani kuti muziwerenga modumphadumpha. Ine ndinaseka chamumtima, chifukwa zimenezo ndinazidziwa ndisanaponde pakhomo la sukulu, ndipo amene anandiphunzitsa sanagwirepo choko chibadwire. Sendera kuno.

Agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga, anachokera cha ku Mandimba, kumalire ndi dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Anasamukira kuno ku Etatara ndi mbumba yawo, ndipo ndiwo anabweretsa Chinyanja pakati pa anansi athu olankhula Chimakuwa. Masiku amenewo tauni yathu ya Cuamba inkatchedwa Nova Freixo, ndipo mwana wa msinkhu wako sankakhala manja lende. Ine ntchito yanga inali kuswa mtedza wa mbewu.

Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga njere imodziimodzi. Anati, "Iwe, ukutola ngati nkhuku pa mapira? Khoko limodzi, ziwiri. Lachiwiri, zinayi. Lachitatu?" Ndinaswa, ndinayang'ana m'dzanja, ndinayankha. Sanandiuze yankho ngakhale kamodzi. Ankangokankha khoko lina ndi chala, ine n'kuswa. Likapezeka khoko la njere imodzi ankaliika pambali, amati ameneyo ndi mlendo, adikire mnzake. Patapita zaka zambiri ndinamva kuti kusukulu nambala zotere, zotsala ndi imodzi yopanda mnzake, zili ndi dzina lake. Ife tinkangoti pali mlendo.

Zitatuzitatu ndinaziphunzira ndi msana. Pamaliro kapena pa chinamwali, amayi akamakonza zophika, ankatituma ife ana kumtsinje kukatola mafuwa. "Miphika ndi isanu. Pitani." Basi, osanenanso kuti miyala ingati. Ukabwera ndi khumi ndi iwiri, mphika umodzi unkakhala pansi, iwe n'kubwerera kumtsinje dzuwa likuswa mtengo, anzako akukuseka. Ulendo wachiwiri sunkalakwitsanso. Pobzala chimanga zinalinso chimodzimodzi, njere zitatu pa phando. Zinayizinayi zinkabwera madzulo pamoto, amalume akafunsa kuti aona miyendo khumi ndi iwiri kuseri kwa nkhokwe, mbuzi ndi zingati. Tinkakangana mpaka tulo. Amene ankakonda bawo anali ndi mwayi wina, pakuti poyala timiyala tiwiritiwiri m'maenje 32 aja unkafika pa 64 usanayambe n'kusewera komwe.

Koma zisanu ndiye zinali m'kamwa mwathu kale. Tamvera mmene timanenera. Tikafika pa zisanu, mawu atsopano amatha. Timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, kenaka khumi. Dzanja limodzi ladzaza, wayamba lina. Amakuwa nawonso amaima pa zisanu n'kuwonjezera, Ayao chimodzimodzi. Ndiye mwana wa kuno akamauzidwa kuti awerenge zisanuzisanu sakuphunzira chachilendo, akungotsata mmene chilankhulo chake chinamangidwira. Ogulitsa nsomba zouma zochokera ku nyanja ya Chiuta ankaunjika timilu ta zisanu pa mphasa, ndipo akafika pa khumi ankaika kamwala pambali. Pomaliza sankawerenganso nsomba, ankawerenga timiyala.

Mu 1959 ndinalowa sukulu ya mishoni. Kumeneko zonse zinali m'Chipwitikizi, ndipo Chinyanja chikakupulumuka m'kalasi unkatambasula dzanja kulandira mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja. Tinkaloweza tabuada, ndandanda ya kuchulukitsa ija, mokuwa tonse pamodzi mpaka anthu opita kumunda ankatimva. Ndinkakuwa nawo bwinobwino koma sindinkadziwa chimene ndikunena. Anali mawu chabe, ngati kulira kwa achule. Tsiku lina aphunzitsi anandiloza ndekha n'kundifunsa 3 kuchulukitsa ndi 7. Mutu unayera. Ndikuyang'ana thabwa lija patebulo, ndinangoona miphika ili pamoto pamaliro, ndipo ndinayamba kuiwerengera mafuwa ndi zala kunsi kwa benchi. Mphika wachisanu unandipatsa khumi ndi asanu, monga kumtsinje kuja. Ndinawonjeza iwiri ina. Ndinati vinte e um. Aphunzitsi anauza anzanga kuti atengere chitsanzo pa ine poloweza. Ndinangoti chete. Ndikanawauza bwanji za mafuwa, m'chilankhulo choletsedwa?

Nthawi imeneyo thonje linali lokakamiza. Boma la Apwitikizi linkalamula banja lililonse kulima munda wake wa thonje, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1961. Pa tsiku la msika kapitawo ankaika matumba pa sikelo n'kutchula nambala mothamanga. Amalume, amene sankadziwa kulemba, ankamanga mfundo imodzi pa chingwe matumba asanu a pamudzi pathu akadutsa, ine ndili pambali pawo kuwerenga makobidi a escudo. Ndisakunamize, kuwerengako sikunakweze mtengo wa thonje. Mtengo ankaika ndi iwo. Koma thumba likasowa m'kaundula tinkadziwa, ndipo tinkabwerera kumudzi tikudziwa kuti atibera zingati.

Nkhondo yapachiweniweni itavuta ndinathawira ku Malawi kudzera pa Nayuchi, pamene njanji imalowera. Kumeneko ndinapeza anthu olankhula ngati agogo anga, koma pa ndalama amati faifi, teni, fifitini. Sindinavutike. Ndinangosintha mayina, kudumpha kwake kunali komwe kuja. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992 tinabwerera, n'kupeza metical, imene inalowa m'malo mwa escudo mu 1980, itafooka moti sopo tinkagula ndi masauzande. Mu 2006 boma linachotsa maziro atatu, ndipo akuluakulu ambiri anasokonezeka pamsika kwa miyezi. Amayi ogulitsa tomato ndiwo anazolowera msanga, anthu owerenga milu tsiku ndi tsiku.

Aphunzitsi ako sindikuwanyoza ayi. Ana ndi ambiri m'kalasi, ndipo kuwayimbitsa nambala onse pamodzi n'kosavuta kusiyana ndi kupatsa aliyense kanthu kogwira. Komabe ndikakumva ukuthamanga mpaka pa dez n'kuima, ndimadziwa kuti waloweza monga ndinkachitira ine, pakamwa pokha. Wafika pamene mawu oloweza athera, ndipo m'manja mulibe chokuuza kuti kutsogolo kuli chiyani.

Tatenga lichero lija lili pa mtondo, amayi ako asatione, ndi mtedza wa mbewu umenewo. Swa makoko asanu, uike njere pa mphasa. Zingati? Eya, khumi, pomwe unaima dzulo paja. Tsopano tenga lachisanu ndi chimodzi. Usandiyang'ane ine, yang'ana m'dzanja lako.