Mawu a Eni Dziko M'nyumba ya Mabuku

Pepala ndi inki zisanafike m'dziko la Malawi, mudzi uliwonse unali ndi malo ake osungiramo nzeru. Zokolola zikalowa m'nkhokwe, ana ankasonkhana madzulo pakhonde la agogo awo aakazi. Agogowo akati "Padangotero," ana ankavomera kuti "Tili tonse," ndipo nthano inkayamba. Pabwalo, akulu ankaweruza milandu ndi miyambi. Kumphala anyamata ankaphunzira za moyo wa bambo, kutsimba anamkungwi ankalanga atsikana, ndipo pamtondo amayi ankaimba madandaulo amene sakanatha kuwanena poyera pamaso pa amuna awo kapena apongozi. Zonsezi zinkasungidwa m'mitu ya anthu. Chifukwa cha ichi, maliro amodzi ankatha kupita ndi mbiri ya mbumba yonse.

Kulemba kunafala ndi amishoni. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Mvera mu 1889, ndipo ya Nkhoma mu 1896. Amishoniwo anabweretsa makina osindikizira, koma mabuku oyamba anali a katekisimu, a nyimbo za m'tchalitchi ndi ophunzitsira kuwerenga. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Za miyambo ndi mbiri ya anthu akuda zinkalembedwa ndi alendo, m'Chingerezi, polembera alendo anzawo. Mwini nkhani ankangotchedwa "mfumu ina" kapena "nkhalamba ina," dzina lake osaoneka.

Oyamba kusintha zimenezi anali aphunzitsi ndi abusa amene anaphunzira m'sukulu za mishoni zomwezo. Mu 1919 munatuluka buku la Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Chiyao ndi wansembe wa Anglican, Yohanna Abdallah. Ku Ekwendeni, mbusa Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni. Ku Nkhoma kunali mphunzitsi Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905, amene buku lake la Nthondo linapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa. Bukuli linasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ntara sanalekere pomwepo. Analemba za moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Dowa, komanso Mbiri ya Achewa, imene anaitola pofunsa akuluakulu a m'midzi.

Amuna amenewa anachita ntchito yaikulu, koma iwo eni ankadziwa kuti anali ngati otunga madzi pachitsime chimene anakumba ena. Pachikuto pankalembedwa dzina limodzi, pamene nkhanizo zinachokera m'kamwa mwa anthu ambirimbiri osadziwa kulemba. Amayi, amene anali eni nthano ndi nyimbo za pamtondo, ndiwo anatsalira kwambiri, popeza atsikana ochepa okha ndiwo ankapitirira ndi sukulu.

Kuyambira mu 1948, bungwe losindikiza mabuku la maiko a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, limene likulu lake linali ku Lusaka, linathandiza kuti mabuku a m'ziyankhulo za kuno achuluke. M'zaka za m'ma 1960 John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo E. J. Chadza analemba Ntchito ya Pakamwa, kenako patapita zaka analembanso Kokha Mcheperawakalulu. Pambuyo pake kunabwera Willie Zingani ndi Njala Bwana, Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta, ndi alakatuli monga Benedicto Wokomaatani Malunga. Ana a sukulu a mibadwo ingapo anakula ndi mabuku amenewa. Koma buku la sukulu limatsala kusukulu. Mlimi, mayi wogulitsa pamsika ndi mnyamata amene analekeza maphunziro panjira ankafunika malo ena oti akalipeze.

Chaka cha 1968 ndi chofunika kuchikumbukira pa nkhani imeneyi, chifukwa munachitika zinthu zitatu zimene zinakoka mbali zosiyana. Choyamba, bungwe la National Library Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, linayamba kugwira ntchito yobwereketsa mabuku kwa anthu wamba. Chachiwiri, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'nyuzi. Chachitatu, boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, makanema ndi zisudzo, ndipo bungwe lounikalo linapatsidwa mphamvu yoletsa buku lililonse. Motero khomo la laibulale linatsegulidwa chaka chomwecho chimene mawu ambiri anatsekeredwa kunja.

Chichewa chinapindula ndi chigamulocho: mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene linakonza malamulo a kalembedwe. Koma mwana wa ku Rumphi, ku Mangochi, ku Phalombe kapena ku Nsanje sankapezanso buku latsopano m'chiyankhulo cha amayi ake. Ngakhale olemba m'Chingerezi ankayenda mosamala. Ku Chancellor College, ophunzira ndi aphunzitsi anayambitsa gulu la Writers Group mu 1970, ndipo ankakumana kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani, n'kumabisa zimene ankafuna kunena m'mafanizo a nthano zakale. Mmodzi mwa iwo, Jack Mapanje, anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods ku London mu 1981. Bukulo linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale a m'dziko muno, ndipo mu 1987 mwini wake anatsekeredwa m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu 1991. M'zaka zomwezo, mu 1985, Walije Gondwe anatulutsa Love's Dilemma, n'kukhala mmodzi mwa amayi oyamba a ku Malawi kusindikiza buku la nkhani yaitali, patapita zaka zoposa 50 chitulukire Nthondo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, Chitumbuka chinabwerera pawailesi ya MBC, ndipo Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinatsatira. Olemba anakhazikitsa bungwe lawo la Malawi Writers Union mu 1995. Mabuku amene anali oletsedwa anayamba kuwerengedwa poyera. Vuto limene linatsala linali la umphawi. Kusindikiza buku n'kodula, ogula ndi ochepa, ndipo mabuku ambiri a m'malaibulale ndi mphatso zochokera kunja, zolembedwa m'Chingerezi.

Komabe ngakhale kalaibulale kakang'ono kangathe kusintha moyo. Pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe ndalama. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anapeza buku la Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Pogwiritsa ntchito njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotola kudzala, anapanga makina amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo. Mu 2009 nkhani yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, ndipo mu 2019 inasanduka kanema mmene muli Chichewa chambiri. Mwana amene analowa m'laibulale ngati wobwereka anabwereramo ngati mlembi.

Chinthu china chosangalatsa chinachitika m'zaka za m'ma 2010. A National Library Service, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno ndi abwenzi ena akunja, anayenda m'maboma ndi makamera kukajambula anthu akufotokoza nthano m'ziyankhulo zawo. Nthano zoposa 200 zinasonkhanitsidwa, ndipo ku laibulale ya ku Lilongwe kunayambika misonkhano yofotokozera ana nthanozo. Ana a m'tauni, amene ambiri sanakhalepo pakhonde la agogo madzulo, anaphunzira kuvomera "Tili tonse" atakhala pakati pa mashelefu a mabuku. Apa laibulale inasiya kudikira kuti nzeru ibwere itasindikizidwa kale. Inanyamuka kukaitenga kwa eni ake.

Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya misonkhano ya m'malaibulale a m'madera, kaya ndi tsiku lokhazikitsa buku latsopano, madzulo a ndakatulo, kapena m'mawa wa nthano za ana. Mlembi wa m'deralo amakumana maso ndi maso ndi anthu amene anawalemba, ndipo iwo amatha kumuuza pamene analondola ndi pamene anaphonya. Wosadziwa kuwerenga amamva buku likuwerengedwa mokweza n'kuikapo maganizo ake. Wosaona, amene buku lapashelefu silimuthandiza, amakhala wofanana ndi aliyense pamene nkhani ikumveka ndi khutu. Mayi wachikulire amene sanalowepo m'kalasi amakhala kutsogolo, aphunzitsi ndi ophunzira ali pansi kumvetsera.

Mabungwe osunga chikhalidwe ali ndi mbali yaikulu pa ntchito imeneyi. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, ndipo Tchopa inalembedwa pa mndandanda wa bungwelo mu 2014. Ulemu wotere umakweza mtundu, koma sumasunga mawu a nyimbo, matanthauzo a miyambi, kapena mndandanda wa mafumu amene anakhalapo pampando. Mwambo wa pachaka umasonkhanitsa anthu masiku owerengeka. Ng'oma zikaleka ndipo alendo abwerera kwawo, wachinyamata wofuna kudziwa zambiri amafunika kopita. Zinsinsi za kudambwe ndi kutsimba zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo ziyenera kukhala komweko. Koma nthano, mbiri za midzi, mayina a malo ndi nyimbo za pantchito n'zoyenera kujambulidwa, kulembedwa ndi kuikidwa m'laibulale yapafupi, dzina la wofotokoza, mudzi wake ndi mfumu yake zitalembedwa pamwamba.

Akale anati mawu a akulu akoma akagonera. Amagonera ngati pali powasunga. Ntara, Abdallah ndi Chibambo anapeza akulu oti awafunse chifukwa anapita nthawi ikadalipo. Akulu a lero nawo alipo, ena akhala pamphasa pamwambo uno, ndipo ambiri a iwo palibe amene wawafunsapo.