Thobvu Limene Linasenza Mkuwa

M'caka ca 1902 William Collier anaombera cilembwe pafupi ndi mtsinje wa Luanshya, napeza mwala wobiriwira ndi mkuwa pamene nyamayo inagwera. Komabe mgodi wa Roan Antelope unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931. Cuma ceniceni cinali pansi, cophatikana ndi sulufule, ndipo mwa magawo 100 a mwala, a mkuwa anali ngati atatu okha.

Cimene cinapatsa mwalawo mtengo ndico thobvu. Njirayi inakulira ku Broken Hill wa ku Australia, ndipo mu 1925 Cornelius Keller anaonjezapo mankhwala ochedwa xanthate. Mwala amaupera ngati ufa, nausanganiza ndi madzi, nauziramo mpweya. Xanthate amamatira pa tinthongo ta mkuwa, madzi natikana. Pamenepo timakangamira thobvu ndi kuyandama, mcenga nutsalira pansi.

Amisiri anagwira nchito imeneyi zaka zambiri osadziwa bwino cifukwa cace. Mu 1953 Salamy ndi Nixon anafotokoza kuti ndi nkhani ya magetsi: kanthongo ka mkuwa wophatikana ndi sulufule kamapititsa magetsi, xanthate napereka maelekitironi kwa iko, okisijeni wa m'madzi nawalandira. Mphunzitsi wa ku Chongwe amene anaphunzitsa ana za dzimbiri pa khasu wayamba kale phunziro lomweli.

Laimu amatsekereza pyrite kuti asayandame pamodzi ndi mkuwa. Koma ku Nampundwe, kumadzulo kwa Lusaka, anayandamitsa pyrite yemweyo, pakuti ng'anjo za ku Copperbelt zinafuna sulufule wace.