Luso la zigamba kuno ku Indiana

Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kuno ku South Bend ndi ku Indianapolis mwachiwonapo chofunda chija cha tizidutswa tansalu pabedi la agogo ena. Dzina lake ndi quilt. Ine nditangofika ndinkachiyesa chaumphawi, paja kwathu chigamba ndi chamanyazi. Tsiku lina ndinafuna kuchiponya pamodzi ndi zochapa zina, mayi wake anandigwira mkono. Chinasokedwa ndi amayi awo.

Quilt imakhala ndi magawo atatu: pamwamba zigamba zolumikizidwa mwaluso, pakati thonje, pansi nsalu imodzi. Zonsezi amazisokera pamodzi, pamanja kapena pamakina. Masiku ano ambiri sasokeranso kufunda ayi, amasokera kupachika pakhoma ngati chithunzi, ndipo luso lotere, pamodzi ndi kuluka ndi kuwomba nsalu, azungu amalitcha fiber art.

Indiana ndi kwawo kwa zimenezi. Mayi Marie Webster a ku Marion analemba mu 1915 buku loyamba kuno ku America lofotokoza mbiri ya quilt, ndipo nyumba yawo lero ndi Quilters Hall of Fame. Indiana State Museum ku Indianapolis imasunga maquilt ambiri a anthu a chi Amish, aja oyenda pangolo za akavalo ku Shipshewana, mtunda wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku South Bend. Amish akale sankafuna nsalu zamaluwa, ankasoka za mtundu umodziumodzi basi, koma kasanjidwe kake mpaka kuyima kukamwa kuli yasa. Ku Elkhart County nako chilimwe chilichonse amadzala maluwa motsanzira quilt, ndipo kukawona nkwaulere.

Musaganize kuti nzachizungu zokha. Indianapolis Museum of Art ku Newfields ili ndi ntchito ya El Anatsui wa ku Ghana yotchedwa Duvor, ya mu 2007. Ukayiwonera patali umati ndi nsalu yaikulu, chonsecho ndi zitsekerero za mabotolo a mowa zolumikizidwa ndi waya wa kopa.

Koma amene ndifuna mumudziwe ndi Billie Zangewa. Anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, naphunzira pa Rhodes University ku South Africa. Iye amadula tizidutswa ta silika nkumatisoka pamanja mpaka patuluke chithunzi. Ndipo sasoka mafumu kapena andale, amasoka mayi ali kukhitchini, mayi ali ndi mwana wake, ntchito zomwezi zimene ife timagwira tikaweruka popanda wotiyamika. M'mbali mwa nsalu zake nthawi zina mumakhala moduka, sabisa. Mu 2021 Museum of the African Diaspora ku San Francisco inachita chionetsero cha ntchito zake zokhazokha.

Tsono ife zitenje tili nazo zodzaza masutikesi: za ukwati, za Mvano, za chipani, za pamaliro a amayi. Sitizivala chifukwa cha chisanu, kutaya sitingataye, ndipo ana obadwira kuno sadziwa kuti ichi nchayani. Chitenje ndi thonje, chimasokeka bwino. Yambani mwachichapa kaye chifukwa zina zimasuluka ndi kufupika, muchisite, kenaka mudule tizidutswa tofanana. Ine ndinayamba ndi zitenje ziwiri za malemu agogo anga. Lumo ndinaligwira masiku atatu ndisanadule.