Subak: Mbiri ya Kagawidwe ka Madzi M'mapiri a ku Bali

Subak ndi bungwe la alimi a mpunga amene amathirira minda yawo ndi madzi a ngalande imodzi pa chilumba cha Bali, m'dziko la Indonesia. Mabungwe otere alipo pafupifupi 1,200, ndipo lililonse limakhala ndi alimi 50 mpaka 400. Ntchito yawo ndi kupatutsa madzi mumtsinje, kuwatsitsa m'mapiri popanda kukokolola nthaka, ndi kuwagawa kuti munda wa kumunsi usaume pamene wa kumtunda ukusefukira. Ntchito imeneyi yachitika kwa zaka pafupifupi 1,000.

Bali ndi chilumba cha mapiri ophulika, ndipo lalitali kwambiri, la Agung, limapitirira mamita 3,000. Mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, kenako chilimwe chimatenga miyezi ingapo. Vuto lalikulu ndi malo amene madzi amadutsa. Mitsinje inakumba makwawa akuya m'thanthwe lofewa, moti mlimi amatha kuumva mtsinje ukulindima pansi penipeni pamene munda wake uli gwa pamwamba pa chitunda. Njira inali imodzi: kukwera kumtunda kumene mtsinje uli pamwamba kuposa mundawo, kutchinga madzi ndi mitengo, miyala ndi dothi, kenako kuwatsogolera pang'onopang'ono m'mbali mwa phiri. Pamene phompho linkatseka njira, ankaboola thanthwe. Ngalande zina za pansi zimatalika kuposa kilomita imodzi, ndipo ndi zopapatiza moti munthu amayendamo chowerama.

Zolembedwa za mafumu a ku Bali za kumapeto kwa zaka za m'ma 800 zimatchula kale minda yothirira, ndipo cholembedwa cha m'chaka cha 896 chimatchula amisiri oboola ngalande. Dzina la mabungwewa limayamba kuoneka m'zolembedwa za m'ma 1070. Mafumu ankatolera msonkho wa mpunga, koma kuyendetsa madzi tsiku ndi tsiku kunali m'manja mwa olima.

Kagawidwe kake nkosavuta kumva. Pamene ngalande ikugawikana, alimi amagoneka chipika kapena mwala mopingasa, chimene amachitcha tembuku. Pa chipikacho amasemapo mipata yofanana kuya koma yosiyana kukula, molingana ndi gawo la madzi limene mbali iliyonse iyenera kulandira. Mtsinje ukadzaza, onse amalandira ambiri. Ukaphwera, onse amachepekedwa mofanana. Palibe chitseko choti wina atsegule usiku, ndipo aliyense wodutsa amaona ndi maso ngati mpata wakulitsidwa. Madzi akalowa m'munda wapamwamba, umene umasalazidwa bwino ndi kuzingidwa ndi mlambala wa matope, amadikha kaye, kenako amatsikira m'munda wotsatira kudzera pa kampata kapena pa nsungwi yobowola. Motero madzi amodzi omwewo amathirira minda yambiri, ataphedwa liwiro lake lokokolola, ndipo amasiyamo chonde chimene asungunula m'miyala ya mapiri ophulika.

Subak iliyonse imasankha mtsogoleri wake, wotchedwa pekaseh, ndipo ili ndi malamulo ake, awig-awig. Malamulowo amanena za kupala ngalande, kukonza tchingo likagumuka ndi mvula, tsiku lowokera mbande, ndi chindapusa cha woba madzi kapena wojomba ku ntchito ya gulu. Pa msonkhano mlimi aliyense amakhala ndi mawu, posatengera mtundu wake kapena ulemu wa banja lake, ngakhale kuti ku Bali anthu amasiyanitsidwa ndi kubadwa pa zinthu zina zambiri.

Komabe luso lalikulu la subak linali pa kusankha nthawi. Alimi onse a mtsinje umodzi akabzala tsiku limodzi, madzi sakwana, chifukwa kufewetsa munda ndi kuwokera ndiko kumadya madzi ambiri. Koma aliyense akabzala nthawi yake, makoswe ndi tizilombo timangosamuka kuchoka m'munda wokololedwa kulowa m'munda wobiriwira, chaka chonse osasowa chakudya. Dera lalikulu likakolola pamodzi, ziputu nkumizidwa m'madzi kapena kutenthedwa, tizilomboto timafa ndi njala. Choncho pankafunika kupeza kukula kwa dera loyenera kubzala pamodzi, ndi kusinthanitsa maderawo kuti madzi akwanire. Apa ndi pamene mlimi wa kumtunda, amene akanatha kutsekereza madzi onse, ankaona phindu lowalola kutsika. Akawamana anzake a kumunsi, iwo ankabzala mochedwa, ndipo tizilombo tawo tinkakwera phiri nkulowa m'munda mwake.

Mgwirizano umenewu unkapangidwira m'makachisi a Chihindu. Pa tchingo pamakhala kachisi, subak imakhala ndi kachisi wake, ndipo masubak amene amamwa mtsinje umodzi amakumana pa kachisi wamkulu wa dera. Kumeneko ankapereka nsembe ndi kugwirizana za kalendala ya ulimi, potsatira chaka chawo cha masiku 210. Pamwamba pa onse pali kachisi wa Ulun Danu Batur, woperekedwa kwa Dewi Danu, mulungu wamkazi wa nyanja ya Batur. Phiri la Batur litaphulika mu 1926, kachisiyu anasamutsidwira pamwamba, m'mphepete mwa chigwa cha phirilo. Masubak ambiri amatumiza mpunga kumeneko ndi kukatenga madzi opatulika, ndipo ansembe ake ankaitanidwa pakabuka mkangano kapena pofuna kutsegula ngalande yatsopano.

Adatchi, amene anamaliza kulanda Bali mu 1908, anamanga matchingo a simenti ndi kukonza za msonkho, koma makachisi anawaona ngati nkhani ya chipembedzo chabe. Kusamvetsa kumeneku kunadzapweteka alimi m'zaka za m'ma 1970. Boma la Indonesia, pofuna kuti dziko lizidzidalira pa mpunga, linabweretsa mbewu zocha msanga, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo pa ngongole. Alimi analamulidwa kubzala kawiri kapena katatu pa chaka, aliyense mwamsanga mmene angathere, osadikira kalendala ya kachisi. Poyamba zokolola zinakwera. Posakhalitsa kachilombo kofiirira koyamwa madzi a mpunga kanafalikira. Atabweretsa mbewu ya IR36 yopirira kachilomboko, matenda a tungro anabuka. Madzi nawo anayamba kuperewera mosadziwika bwino m'chilimwe. Mu 1979 banki ya Asian Development Bank inayambitsa ntchito yaikulu yokonzanso ulimi wothirira ku Bali, ndipo m'malo ena munaikidwa zitseko zachitsulo zimene alimi sanazikhulupirire ngati tembuku wawo. Cholinga cha boma chinali chabwino, koma linalakwa posafunsa anthu amene anaudziwa mtsinje kwa mibadwo yambiri.

Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, Stephen Lansing, pamodzi ndi katswiri wa zachilengedwe James Kremer, anayesa nkhaniyi pa kompyuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anatenga masubak 172 a m'mitsinje ya Oos ndi Petanu, nayerekeza njira zosiyanasiyana zobzalira. Kubzala aliyense payekha kunachulukitsa tizilombo, kubzala onse pamodzi kunaumitsa minda, ndipo zokolola zabwino zinapezeka pa magulu ofanana kwambiri ndi amene makachisi anali atakhazikitsa kale. Lansing anafotokoza zimenezi m'buku lake la Priests and Programmers la mu 1991. Alimi analoledwanso kutsatira kalendala yawo, ngakhale kuti ambiri anapitiriza kubzala mbewu zatsopano.

Mu 2012 bungwe la UNESCO linaika madera ena a subak, kuphatikizapo minda ya makwerero ya ku Jatiluwih ndi kachisi wa Batur, pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse. Chiopsezo cha lero ndi china. Mahotela ndi nyumba za alendo zikulanda minda ndi madzi, ndipo achinyamata ambiri akusankha ntchito zokopa alendo kusiyana ndi khasu. Munda umodzi wapakati ukagulitsidwa ndipo ngalande yake nkutsekedwa, minda yonse ya kumunsi kwake imauma.