Mpingo wa Obwera: Za Mbiri ya Akhristu a Kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa

M'buku lachitatu la maphunziro ake a za ndale, Aristotle anafunsa funso limene ife ansembe sitikonda kulifunsa za maparishi athu. Kodi mzinda umakhalabe womwewo pamene eni ake ena alikufa, ena nabadwa, monga mtsinje umene dzina lake silisintha chikhalirecho madzi ake ndi atsopano tsiku ndi tsiku? Ife tinaphunzira bwino kuti Eklezia ndi Thupi la Khristu, ndipo izi nzoona. Koma Eklezia yemweyo alinso gulu la anthu amene amadya, amakwatira, amasamuka ndi kuikidwa m'manda. Ndifuna kuti tione funso limeneli m'dziko la mafumu Mwambo ndi Kuntumanji, chigwa chija chimene chimatsika kuchokera ku phiri la Zomba, kutsata mitsinje ya Likangala ndi Domasi, mpaka kukafika pa dooko la Kachulu. Maganizo anga ndi akuti Mpingo wa kumeneko, chiyambire, wakhala ukumangidwa ndi obwera, ndipo mbadwo uliwonse ukakhazikika umaiwala msanga kuti nawonso unachita kufika.

Pamene David Livingstone ndi John Kirk anaona nyanja ya Chilwa mu April 1859, anapeza midzi ya Anyanja, anthu olima, osodza ndi otcheza mchere. Sipanapite zaka zitatu dzikolo linagwedezeka ndi nkhondo za ukapolo, pamene magulu a Ayao analikulowa kuchokera kumpoto. Mu July 1861 Episkopi Charles Mackenzie wa Mpingo wa Anglican anamanga mishoni pa Magomero, kumwera chakuzambwe kwa nyanjayi. Anthu oyamba kusonkhana pa mishoniyo sanali eni nthaka ayi. Anali akapolo omasulidwa m'magoli, ambiri a iwo akazi ndi ana, anthu opanda mudzi ndi opanda mwini mbumba. Mackenzie anamwalira pa 31 January 1862, mishoni inasamuka chaka chomwecho, ndipo chilala ndi njala zinamwaza otsala. Ena athawira pa chilumba cha Chisi. Ntchito imeneyi inalephera, komabe inaonetseratu mtundu wa anthu amene adzayambe kutchera khutu ku Mthenga Wabwino m'chigwa chino.

A Mpingo wa Scotland anatsegula Domasi mu 1884. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, namanga Nguludi mu 1903 ndi Nankhunda mu 1912. Pofika nthawi imeneyo mafumu ambiri a Chiyao anali atatsamira kale ku Chisilamu, ndipo m'midzi ina yabwino munali kale sukulu za a Domasi. Akatolika anafika mochedwa. Chikadapanda chinthu china chimene sanachikonze iwo, bwenzi atakhala kagulu kakang'ono m'mbali mwa ena.

Chinthucho chinali kusamuka kwa Alomwe. Kuyambira cha m'ma 1890, makamaka pambuyo pa 1900, mabanja ambirimbiri anachoka ku Mozambique pothawa nkhondo za Apwitikizi, misonkho, ntchito yokakamiza ndi njala. Anadzera ku Mulanje ndi Phalombe, ena nazungulira nyanja ya Chilwa. Kalembera wa boma wa 1921 anapeza Alomwe pafupifupi 120,000 mu Nyasaland. Wa 1945 anapeza oposa 370,000. Ena anapatsidwa malo ndi mafumu a Chiyao, amene anakondwa kuchulukitsa anthu awo. Ena analowa m'minda ya azungu, nalipira malo ndi thukuta la thangata. Onsewo ankatchedwa Anguru, dzina lachipongwe limene boma linalisiya pokhapokha Lewis Bandawe ndi anzake atalimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Tsono taganizani munthu wotere. Manda a makolo ake anatsala kutali. Chinenero chake amachiseka. Ufumu si wake, bwalo la milandu si lake, ngakhale munda umene alikulima si wake. Ndiye pafika mphunzitsi wa Chikatolika, namanga kasukulu ka udzu, nalemba dzina lake m'buku limodzi ndi la mwana wa mfumu, namuuza kuti pa Misa adzagwada pa mphasa imodzi ndi wina aliyense. Kodi nzodabwitsa kuti anthu otere anadzaza makalasi a akatekumeni?

Pano wina wa m'seminale angadandaule kuti ndikuchepetsa chaulere cha Mulungu pochisandutsa nkhani ya malo ndi misonkho. Iyayi. Thomas Aquinas anatiphunzitsa kuti chaulere sichiononga chibadwa cha munthu koma chimachikwaniritsa. Munthu wofuna mudzi akapeza mudzi mu Eklezia, ludzu lake lenilenilo ndilo khomo limene Mulungu walowera. Koma tisakometserenso mbiri. Alomwe ambiri a m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero anatsata John Chilembwe, amene matchalitchi ake a udzu woyang'anira mindayo ankawatentha. Pa kuukira kwa January 1915 mishoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo pambuyo pake boma linkaona Akatolika ngati mpingo wosaopsa. Mbiri imeneyi inatitsegulira makomo ena amene anatsekedwa kwa anzathu. Kukula kwathu sikunachokere ku ulaliki wokha.

Mbadwo wachiwiri unakumana ndi kusamuka kwa mtundu wina. Amuna anayamba kupita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya Johannesburg kukafuna ndalama za msonkho, ena osabweranso, machona. Popeza Anyanja, Ayao ndi Alomwe onse amatsata chikamwini, mudzi unatsala m'manja mwa amayi ndi alongo awo, ndipo tchalitchi nalonso chimodzimodzi. Wansembe ankafika pa njinga kamodzikamodzi kudzamvetsa kulapa ndi kuchita Misa. Masabata ena onse anali a mphunzitsi: kuimba belu, kutsogolera mapemphero, kubatiza ana odwala, kuika maliro. Mabuku athu a mbiri amasunga bwino maina a ansembe amene anamanga nyumba za njerwa, koma amene anasunga Mpingo pakati pa ulendo umodzi wa wansembe ndi unzake anali aphunzitsi amenewa ndi amayi. Ndipo ambiri mwa amayiwo, mwamuna atachona iwo nakwatiwa ndi wina kuti ana adye, anakhala zaka makumi osalandira Ukaristia, koma akusesabe tchalitchi, akuperekabe mtulo, akutumizabe ana ku katekisimu. Sindikutsutsa lamulo la ukwati. Ndingoti tizikumbukira kuti chikhulupiriro chimene tinalandira chinadzera m'manja mwa anthu amene kaundula ankawawerenga ngati ogwa.

Zomba inapatulidwa mu 1952 pansi pa Ambuye Lawrence Hardman, nikhala dayosizi mu 1959. Mu 1970 inalandira episkopi wake woyamba wa Chimalawi, Ambuye Matthias Chimole. Maepiskopi a AMECEA, pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, anasankha miphakati kuti ikhale maziko a moyo wa Eklezia, ndipo seminale ya St Peter inatsegulidwa mu Zomba mu 1977. M'maparishi monga Matiya ndi Pirimiti miphakati inagwira msanga, chifukwa inangopatsa dzina ndi ulemu chinthu chimene anthu ankachita kale. Adzukulu a iwo amene ankatchedwa Anguru tsopano anali akuluampingo, eni tchalitchi, ena ansembe ndi asisiteri. Ngakhale khomo lija limene linkaoneka lotseka mu 1912 linatseguka pang'ono: Ambuye Thomas Msusa, amene anakhala episkopi wa Zomba mu 2004, anabadwira m'banja la Chiyao la Chisilamu.

Kenaka kunabwera mliri wa Edzi. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kugawidwa mwaulere mu 2004, imfa inadula mbadwo wapakati, anthu a zaka 25 mpaka 45, amene akadalandira udindo kwa akulu ndi kuupereka kwa ana. M'midzi yambiri agogo analera adzukulu. Mwambo umayenda bwino kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Ukamalumpha mbadwo wathunthu, zina zimagwera panjira. Kusamvana kumene timakuona pakati pa akuluampingo ndi achinyamata, pa nyimbo, pa kavalidwe, pa ndalama za kwaya, mbali ina kunachokera pa manda amenewa, pakuti anthu amene akadamasulira mbali zonse ziwiri kulibe.

Tiyang'ane tsono chiwerengero. Mu 1966 Amalawi anali 4 miliyoni. Mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni. Mu 2018 oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali osakwana zaka 18. Boma la Zomba, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 740,000. Ndiye kuti ambiri mwa akhristu amene amadzaza matchalitchi a m'chigwa chino anali asanabadwe pamene Papa John Paul II anadzacheza mu 1989. Minda imene inakwanira Alomwe oyamba yagawidwa kanayi kapena kasanu, ndipo mnyamata amene alibe munda amapita ku Blantyre, ku South Africa, kapena ku nyanja.

Nyanjayo ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. M'zaka zabwino yakhala ikupereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba za dziko lino, makamaka matemba, makumba ndi milamba, ndipo imaitana anthu ochokera kutali. Koma inauma mu 1968 ndi mu 1995, niphwa kwambiri mu 2012 ndi 2018, ndipo nthawi iliyonse asodzi anabalalika kunka ku Chiuta, ku Malombe ndi ku Mangochi. Madzi akabwerera, nawonso amabwerera, nakhala miyezi yambiri m'zimbowera, timisasa tomangidwa pa udzu woyandama, kutali ndi gombe, kumene kolera imayamba kawirikawiri. Pakati pawo pali obatizidwa ambiri.

Anthu amenewa ndiwo obwera a masiku ano, ndipo dongosolo la parishi silinawakonzekere. Mphakati umafuna munthu wa mudzi wodziwika. Khadi la mtulo limafuna munthu wopereka chaka ndi chaka pamalo amodzi. Kalasi ya ukwati imafuna munthu wopezeka sabata ndi sabata, pamene msodzi amatsata nsomba. Msodzi akamwalira pa Kachulu, funso loyamba limene akuluampingo amafunsa ndi lakuti, "Anali wa mphakati uti?" Amene amafunsawo ndi zidzukulu za anthu aja amene mphunzitsi anawalemba m'buku asanakhale ndi mudzi. Ansembe a Montfort analibe anthu okwanira ngakhale misewu, koma anatuma aphunzitsi kumene anthu anali, m'minda ya azungu ndi m'midzi yatsopano. Kuchokera pa Kachulu kupita ku Chisi ndi ku zimbowera maboti amanyamuka tsiku ndi tsiku, atanyamula ufa, nkhuni ndi ogula nsomba, ndipo katekisiti angathe kukwera nawo pa mtengo womwewo.