Ufulu wa Mill ndi sikelo za ku Balaka

Mu 1859, chaka chimene David Livingstone anafika ku nyanja ya Chilwa, ku London kunatuluka buku la John Stuart Mill lotchedwa On Liberty. Mill, amene anabadwa mu 1806 n'kumwalira mu 1873, ankati boma lisatseke munthu pakamwa kapena kumuletsa zochita zake, pokhapokha ngati akupweteka mnzake. Pa malonda ankakhulupirira mpikisano. Komatu ufuluwo sanagawire onse. Atagwira ntchito zaka 35 ku East India Company, ankaona kuti mitundu imene azungu ankaitcha yotsalira inali isanakhwime, ndipo makolo athu a m'mbali mwa Shire akadawerengedwa m'gulu limenelo.

Maganizo a ufuluwa anachedwa kufika kuno. Atsamunda atachoka, Kamuzu anagwira zonse ziwiri, pakamwa ndi msika. Kuyambira mu 1971 mlimi wamng'ono ankatula thonje ndi chimanga ku ADMARC pa mtengo wa boma, osawiringula. Mu 1987, boma litapanikizidwa ndi World Bank, amalonda wamba analoledwa kugula mbewu m'midzi. Kenako kunabwera riferendamu ya 1993, ndipo mu 1994 Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga, analowa m'boma ndi UDF. Anthu anayamba kudzudzula mtsogoleri masana, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, geni inafalikira m'mbali mwa misewu. Balaka inapatulidwa ku Machinga mu 1998, zinthu zili choncho.

Pakamwa panatsegukadi. Zamsika n'zimene zidakali ndi mafunso. Pitani ku Ulongwe kapena ku Phalula nthawi yokolola: venda wapachika sikelo pamtengo, thumba la nandolo likulendewera, mayi akuyang'anitsitsa muvi koma mtengo wanena kale ndi wogula. Wa thonje ndiye ali pampanipani, poti ogula ndi owerengeka, ndipo ena ndi omwewo anamukongoza mbewu ndi mankhwala. Mpikisano umene Mill ankautama sukhalapo ngati mlimi alibe kwina kopita, njala ili pakhomo.

Olalikira za msika waufulu amadumpha mbali ina ya munthuyu. Mill yemweyo ankayamikira makopaletivi, ankafuna kuti boma lionetsetse kuti mwana aliyense waphunzira, ndipo ali phungu mu 1867 anapempha nyumba ya malamulo ya ku Britain kuti amayi azivota. Aphungu anzake anakana.